NDENDE KAPENA CHIPATALA?

(Awa ndi mawu amene Mlembi wa Nthambi yathu analankhula pa msonkhano wa mamembala. Tawalemba pano kuti iwo amene sanafike chifukwa cha maliro ndi ntchito za kumunda amve nawo.)



Pa msonkhano wathawu mayi wina anaimirira kumbuyoko nafunsa funso limene tonse tinalephera kuliyankha. Anati mwana wawo wamwamuna wagwidwa ndi chamba kachiwiri, ndipo anafuna kudziwa ngati amusiye apite kundende akaphunzire mwambo, kapena agulitse mbuzi zawo amuwombole. Ena munaseka, ena munangowerama. Tsono komiti inatituma ife kuti tikafufuze zimene maboma a maiko ena achita pa nkhani yotere, ndi zimene zinatuluka m'zochita zawozo. Lero tabwera ndi zimene tapeza.

NJIRA ZIWIRI ZA KACHILOMBO

Poyamba timvetsane chifukwa chake mankhwala ozunguza bongo ndi kachilombo ka HIV amayendera limodzi ngati ng'ombe ziwiri za pa goli limodzi.

Njira yoyamba tonse tikuidziwa. Munthu akaledzera kachasu kapena akasuta chamba, nzeru zimachoka, manyazi amachokanso. Amagona pamene sanafune kugona, kondomu ili m'thumba osaikumbuka. Ndipo iye amene ali kale pa mankhwala a ma ARV amaiwala kumwa, kachilombo n'kudzukanso m'magazi mwake.

Njira yachiwiri ndi yachilendo kuno kumudzi, koma chakudza sichiimba ng'oma. Kuli ufa wotchedwa heroin. Kwa zaka zambiri wochuluka unkachokera ku Afghanistan, n'kuwoloka nyanja pa zombo kufika ku magombe a Kenya, Tanzania ndi Mozambique, kenaka n'kutsika pa msewu kupita ku South Africa. Ku Joni amausakaniza ndi zinthu zina nautcha nyaope; ku Durban amati whoonga. Munthu akauzolowera, thupi lake silikhalanso popanda ufawo. Akausowa kwa theka la tsiku amatuluka thukuta, mafupa amawawa, m'mimba mumapota, amasanza ndi kutsegula. Ambiri amayamba ndi kusuta, koma ndalama zikachepa amausungunula m'madzi nadzibaya mu mtsempha, pakuti pobaya, ufa wochepa umagwira msanga. Jakisoni mmodzi amazungulira anthu anayi kapena asanu, ndipo magazi otsalira m'menemo amalowa mwa wotsatira. Imeneyi ndi njira yachidule kwambiri yopatsirana HIV ndi matenda a chiwindi. Wobayayo akachoka pamenepo amapita kwa mkazi wake, amene sanaonepo ufawo chibadwire.

Musati izi n'za kutali. Ife aphunzitsi tili ndi mnyamata amene sitimuiwala. Tinamuphunzitsa mu Sitandade 7, ndipo pa masamu panalibe womupambana. Fizi ya ku sekondale itasowa anakwera basi ya ku Joni monga achitira anzake. Zaka ziwiri zoyamba ankatumiza ndalama, mayi ake nafolera nyumba ndi malata. Chaka chachinayi anabwera yekha, wowonda, atavala malaya a manja aatali ngakhale m'mwezi wa Okutobala. Abale ake ataona zipsera za m'mikono mwake anachita mantha kuti akamutengera kuchipatala madokotala aitana apolisi, chotero anamubisa m'nyumba nayamba kuyenda naye kwa asing'anga usiku. Pamene anafika kuchipatala n'kuti chifuwa chachikulu chitamudya kale. Tinamuika m'manda asanakwanitse zaka 25. Mankhwala amene akanamuchiritsa chifuwa ndi kugonjetsa kachilombo analipo, aulere, ulendo wa ola limodzi pa njinga. Chimene chinamutsekera njira ndi mantha.

NJIRA YA NDODO

Maboma ambiri poyamba anasankha ndodo. Anati tikamanga aliyense wopezeka ndi mankhwalawa, ena adzaopa nasiya. Maganizo amenewa akumveka, ndipo ambiri a ife tili nawo. Koma tiyang'ane zipatso zake.

Dziko la Russia linatsata njira imeneyi mwamphamvu. Lamulo lawo limaletsa ngakhale mankhwala a kuchipatala otchedwa methadone, amene maiko ena amathandizira nawo anthu ogwidwa ndi heroin. Mliri wa HIV kumeneko unakula kwambiri kudzera m'majakisoni obwerekana, kufikira anthu okhala ndi kachilombo anapitirira 1 miliyoni, pa nthawi imene maiko a kuno kwathu, osauka kuposa Russia, anali kuchepetsa chiwerengero cha otenga kachilombo chatsopano.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Munthu wosakidwa amabisala, ndipo wobisala sayezetsa magazi. Woopa kupezeka ndi jakisoni m'thumba sagula wakewake, amabwereka wa mnzake. Akalowa m'ndende amakumana ndi kuthithikana, kumene chifuwa chachikulu chimafalikira msanga. Kuno kwathu khoti lalikulu linagamula kale mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, kuti kudzaza kwa ndende zathu n'kuzunza anthu kosemphana ndi malamulo aakulu a dziko. Ndipo akatuluka, njala ya ufa ija ili pomwepo, ntchito alibe, dzina laipa. Kodi munthu wotere tamuwongola kapena tamuthyola?

ZIMENE ANACHITA APWITIKIZI

Tsono timve za Portugal, dziko la Apwitikizi, omwe aja analamulira anansi athu a ku Mozambique mpaka 1975. Ndi dziko la anthu pafupifupi 10 miliyoni. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, anthu ngati 100,000 kumeneko anali kugwiritsa ntchito heroin, ndiko kuti munthu mmodzi pa anthu 100 aliwonse. Panalibe banja losakhudzidwa: mwana wa msodzi, mwana wa loya, mwana wa nduna. Mu mzinda wa Lisbon munali dera lotchedwa Casal Ventoso, kumene anthu zikwizikwi ankapita tsiku ndi tsiku kukagula ufa, ena nadzibaya poyera m'mbali mwa njira. Mwa maiko onse a mu European Union, Portugal ndiyo inali patsogolo pa HIV yofala ndi majakisoni. Apolisi ankamanga ndithu, kufikira akaidi oposa 40 pa 100 aliwonse anali a milandu ya mankhwala ozunguza bongo, koma vuto linangokulirakulira.

Mu 1998 Boma lawo linasonkhanitsa madokotala, oweruza ndi akatswiri ena kuti alilangize. Mmodzi wa iwo anali dokotala João Goulão, amene anagwira ntchito zaka zambiri pakati pa anthu ogwidwa ndi heroin kumwera kwa dzikolo. Iwo anati munthu wogwidwa ndi mankhwalawa ndi wodwala, ndipo wodwala malo ake ndi kuchipatala. Nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, António Guterres, yemwe mu 2017 anakhala Mlembi Wamkulu wa United Nations, anavomera. Lamulo latsopano linayamba kugwira ntchito pa 1 Julaye 2001.

Timvetsetse bwino pamenepa, pakuti ambiri amanena molakwa. Apwitikizi sanaloleze mankhwala ozunguza bongo. Wogulitsa amamangidwa ndi kupita kundende monga kale. Chimene anasintha n'chakuti munthu wopezeka ndi mankhwala ochepa, osapitirira a masiku 10 a iye mwini, monga galamu imodzi ya heroin kapena magalamu 25 a chamba, apolisi amamulanda mankhwalawo, koma m'malo momutengera kukhoti amamutumiza ku kabwalo ka anthu atatu: wodziwa malamulo, ndi ena a zaumoyo kapena a zosamalira anthu. Amenewa amakhala naye pansi namufunsa kuti unayamba liti, ukukhala ndi yani, ntchito uli nayo kodi. Akaona kuti wagwidwa, amamulimbikitsa kupita kuchipatala. Akhoza kumulipiritsa kapena kumuletsa kufika malo ena, koma dzina lake sililembedwa m'buku la zigawenga. Mafumu muli pano mwaona kale kuti bwalo limeneli likufanana ndi lanu, pamene cholinga chimakhala kubwezera munthu m'mudzi, osati kumutaya kutchire.

Lamulo silinayende lokha. Kuyambira 1993 anali atayamba kale kusinthitsa majakisoni m'masitolo a mankhwala: wobweretsa wakale amalandira watsopano kwaulere. Anawonjezera zipatala zopereka methadone, natumiza anamwino ndi alangizi m'makwalala kukapeza anthu kumene ali, nathandiza ochira kupeza ntchito.

Zotsatira zake nazi. Mu 2001 anthu obaya mankhwala amene anapezeka ndi HIV kwa nthawi yoyamba anali 1,016. Mu 2012 anali 56. Akaidi a milandu ya mankhwalawa anatsika kufika pa 16 mwa 100 aliwonse pofika 2019. Otsutsa ankati dziko lonse lidzasanduka la oledzera ufa, koma zimenezo sizinachitike.

Ena a inu mukung'ung'udza kuti kupatsa munthu jakisoni watsopano n'kumulimbikitsa m'tchimo lake. Mawu omwewo tinawamva pamene makondomu anayamba kugawidwa kuno. Yankho n'lakuti munthu ameneyo abaya ndithu lero, kaya ndi jakisoni woyera kaya wa magazi. Akabaya ndi woyera, mkazi wake ndi mwana wobadwa mawa apulumuka, ndipo iye mwini akhala ndi moyo kufikira tsiku limene adzafune kusiya. Akufa sasiya kanthu. Ndiponso pamene akudza kudzasintha jakisoni, m'pamene namwino amamupeza, namuyeza magazi, namuuza za chithandizo.

Koma tisakunamizeni kuti zonse zinali bwino. Chuma cha Portugal chitagwa, mu 2012 Boma linachepetsa ndalama ndi kumwaza bungwe limene linkayendetsa ntchitoyi, ndipo patapita zaka anthu a mu mzinda wa Porto anayambanso kudandaula za obaya m'misewu. Chigawo cha Oregon ku America chinatengera lamulo la Apwitikizi mu 2020 zipatala zisanakonzeke mokwanira, ndipo mu 2024 anabweza lamulolo. Phunziro lake n'lakuti kuchotsa ndodo kokha sikuchiza munthu. Mukatseka khomo la ndende, khomo la chipatala likhale lotsegula, muli namwino ndi mankhwala.

ANANSI ATHU A KU TANZANIA

Mwina wina anena kuti zimenezo n'za Azungu a ndalama. Tiyeni tsono tiwoloke mtsinje wa Songwe. Ku Dar es Salaam ofufuza anapeza, m'zaka za m'ma 2000, kuti mwa anthu 100 obaya heroin, 42 anali ndi HIV, ndipo mwa akazi chiwerengero chinali chokwera koposa. Anapezanso mchitidwe woopsa: munthu akabaya ufa, amakoka magazi ake mu jakisoni napatsa mnzake wosowa ndalama kuti adzibaye nawo, poganiza kuti njala ya ufa ichepa.

Boma la Tanzania silinasinthe lamulo monga Apwitikizi, koma mu Febuluwale 2011 linatsegula malo operekera methadone pa chipatala chachikulu cha Muhimbili, ndi thandizo la ndalama za ku America. Methadone ndi mankhwala a madzi, akumwa kamodzi pa tsiku pamaso pa namwino. Amakhala m'thupi tsiku lathunthu, naletsa kupota ndi kuwawa kuja, koma mlingo ukakhala woyenera munthu saledzera nawo. Chotero wobayayo amaleka kusaka ufa m'mawa uliwonse, amaleka kuba, akhoza kugwira ntchito ndi kulera ana ake. Pamalo omwewo amayezedwa HIV ndi chifuwa chachikulu nalandira ma ARV. Ofufuza atasonkhanitsa zochokera m'maiko ambiri anapeza kuti chithandizo chotere chimachepetsa ndi theka ngozi yotenga HIV pakati pa obaya. Pambuyo pa Muhimbili anatsegula malo ena ku Mwananyamala ndi ku Temeke, ku Zanzibar, ku Mwanza, ndi ku Mbeya, kumene amalonda athu a ku Karonga amapita masiku onse. Ngati Boma la Tanzania linaona kuti Mbeya ikufunika chipatala chotere, ife tisagone tulo poyesa kuti ufa umaopa malire.

KUNO KWATHU

Dziko lathu lili ndi mbiri imene tiyenera kuinyadira. Wodwala Edzi woyamba anapezeka kuno mu 1985, ndipo achikulire mukukumbuka zaka zimene maliro ankagundana pa njira ndipo opala mabokosi ndiwo ankalemera. Mu 2004 Boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere. Mu 2011 Malawi anakhala dziko loyamba kulamula kuti mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi kachilombo ayambe mankhwala pomwepo kwa moyo wake wonse, ndipo maiko ena anatengera kwa ife. Kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale. Kafukufuku wa 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa akuluakulu 100 okhala ndi kachilombo, 88 ankadziwa. Mwa odziwawo, 98 pa 100 anali pa mankhwala. Ndipo mwa iwo, 97 pa 100 kachilombo kanali katagonja m'magazi. Munthu wotere sapatsira mkazi kapena mwamuna wake. Taonani, zonsezi sizinabwere ndi unyolo. Zinabwera pamene anthu analeka kuopa kufika kuchipatala.

Pa za zoledzeretsa, ndodo ili ndi malo ake, ndipo malo akewo ndi pa wogulitsa. Zambia inaletsa timowa ta m'mapepala totchedwa tujilijili mu 2012, Boma lathu linaletsa masacheti mu 2015, ndipo Tanzania inaletsa viroba mu 2017. Ife aphunzitsi tinaombera m'manja, pakuti tinkatola timapepala topanda kanthu kuseri kwa zimbudzi za sukulu. Koma mowa womwewo unabwereranso m'timabotolo totsika mtengo, ndipo ana akugulabe. Lamulo lopanda woliyang'anira lili ngati mpanda wopanda chitseko.

Za chamba tichenjezane. Mu 2020 Nyumba ya Malamulo inaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo otenga laisensi. Kusuta, kusunga ndi kugulitsa popanda chilolezo ndi mlandu monga kale. Anyamata musanamizane pamenepa.

Pali chinthu chinanso chimene chiyenera kutidetsa nkhawa. Ndalama zambiri za ntchito yolimbana ndi HIV kuno zakhala zikuchokera kunja, makamaka ku Global Fund ndi ku Boma la America. Mu Januwale 2025 Boma la America linaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, ndipo ntchito zina zoyendera anthu m'midzi zinaima. Zimene zinachitikira Apwitikizi mu 2012 zikhoza kutichitikira ife. Atsogoleri a mu Africa analonjeza ku Abuja mu 2001 kuti adzaika 15 kwacha pa 100 kwacha iliyonse ya bajeti ku zaumoyo. Lonjezo limenelo tili ndi ufulu wolikumbutsa.

ZIMENE TIKUPEMPHA

Tsono komiti ikuika pamaso panu mfundo izi, kuti mukazivomera tizilembe m'kalata yopita kwa khansala, kwa phungu wathu ndi kwa Bwanamkubwa.

1. Boma liunikenso malamulo kuti asiyanitse wogulitsa ndi wogwidwa. Wogulitsa alangidwe, mnyamata wopezeka ndi ndudu imodzi ayambe waonana ndi a zaumoyo ndi alangizi.

2. Chithandizo cha ogwidwa ndi mowa, chamba ndi ufa chifike pa chipatala cha boma lililonse. Si banja lililonse lingathe ulendo wa ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

3. Munthu wa pa ma ARV akamangidwa, asadumphitse mankhwala ngakhale tsiku limodzi, kaya m'chitokosi kaya m'ndende.

4. Unduna wa Zaumoyo uphunzire kwa anansi athu a ku Tanzania, kuti matauni a m'malire ndi a m'misewu ikuluikulu akhale okonzeka ufa usanazike mizu.

5. Ndalama za zaumoyo mu bajeti zikwere kufika pa lonjezo la ku Abuja.

Koma Boma silingalowe m'nyumba zathu. Pali zimene zili m'manja mwathu. Mafumu aitane ogulitsa mowa nawauze poyera kuti wogulitsa kwa mwana wa sukulu adzayankha pabwalo. Mwana wobwera kuchokera ku Joni timulandire, ndipo sabata yoyamba yomweyo timuperekeze kukayezetsa magazi, iye ndi mkazi wake, monga timamuperekezera kukaona manda a amene anamwalira iye kulibe. Tileke kuseka banja limene mwana wake wagwa, pakuti nkhuyu zodya mwana zimapota akulu, ndipo akulu ake ndife tonse.

Kwa mayi athu amene munafunsa funso lija, yankho lathu ndi ili. Mbuzi zanu musagulitse kuti mupatse munthu m'manja mwamseri. Kumeneko n'kutaya mbuzi ndi kugula mlandu wina. Pitani kukhoti tsiku la mlandu, ndipo awiri a m'komiti adzapita nanu. Khoti likalamula chindapusa, lipirani ndi kulandira lisiti. Ngati mwana wanu ali pa mankhwala aliwonse, tengani buku lake la kuchipatala mukalionetse kwa omusunga lero lomwe. Ndipo tsiku limene adzatuluke, kaya ndi mawa kaya ndi chaka chamawa, ulendo woyamba ukhale wa kuchipatala, ndipo sadzapita yekha. Ndende payokha sidzamuchotsera chimene chikumukoka.

A Wapampando, mfundo zisanu zija tikuzipereka m'manja mwanu kuti mamembala akambirane ndi kuvota. Amene akufuna kusaina kalatayo atipeza pa tebulo ili msonkhano ukatha, ndipo osadziwa kulemba adinda chala.